Makhadi 100 basi: lamulo losunga mtendere patebulo la Commander

Lachisanu lililonse madzulo, m'masitolo ogulitsa zamasewero m'mizinda ngati Seattle, London, Tokyo ndi Johannesburg, anthu amakhala anayianayi mozungulira matebulo, aliyense ali ndi kabokosi ka makhadi ake. Asadayambe kusewera, ena mwa iwo amayala makhadiwo chafufumimba m'timilu 10, n'kumaponya limodzilimodzi mpaka kamulu kalikonse katakwana makhadi 10. Khadi likatsalira m'dzanja, kapena kamulu kena kakaperewera, mwini wake amadziwa kuti ntchito idakalipo. Sangayambe kusewera asadapeze pomwe palakwika.

Masewerowa dzina lake ndi Magic: The Gathering, ndipo kaseweredwe kake kotchuka ka anthu ambiri kamatchedwa Commander. Lamulo loyamba la Commander ndi lalifupi: wosewera aliyense abwere ndi mulu wa makhadi 100, osapitirira, osaperewera. Kwa munthu wapadera, lamuloli limaoneka lokokomeza. Kodi khadi limodzi loonjezera pa makhadi 100 lingasinthe chiyani? Yankho lake lili mu mbiri ya masewerowa, m'masamu a mwayi, komanso m'chikhulupiriro chomwe chimafunika pakati pa anthu anayi omwe akusewera popanda woweruza.

Aliyense amabwera ndi makhadi ake

M'masewero a makhadi omwe anthu ambiri adazolowera, pamakhala mulu umodzi wa makhadi 52 womwe onse amagawana. Palibe amene amasankha zomwe zili mu muluwo. Pa bawo namonso, nkhomo ndi 64 ndipo mbali iliyonse imakhala ndi 32. Munthu atabwera ndi nkhomo zina m'thumba n'kuziponya m'maenje ake, palibe angamutche katswiri. Aliyense angati waba.

Magic idabwera ndi chinthu chachilendo. Richard Garfield, katswiri wa masamu wa ku America, adakonza masewero omwe wosewera aliyense amadzipangira yekha mulu wake kuchokera pa makhadi omwe adagula, adasinthana ndi anzake kapena adasonkhanitsa m'kupita kwa zaka. Kampani ya Wizards of the Coast idatulutsa masewerowa mu 1993, ndipo lero kuli makhadi osiyanasiyana oposa 25,000. Khadi lililonse lili ndi dzina lake, chithunzi chake ndi mawu ofotokoza zomwe limachita. Ena ndi zilombo zomenya nkhondo, ena ndi matsenga ogwira ntchito kamodzi n'kutayidwa, ndipo ena ndi makhadi a malo, omwe amatulutsa mphamvu yotchedwa mana. Popanda mana, makhadi ena onsewo sangaponyedwe.

Makhadi ena ndi osowa kwambiri ndipo mtengo wake umafanana ndi wa nyumba. Mu 2023, woimba wa ku America, Post Malone, adagula khadi la The One Ring, lomwe lidasindikizidwa limodzi lokha la mtundu wake, pa ndalama zomwe zidamveka kuti ndi $2 miliyoni. Apa vuto likuonekeratu. Ngati aliyense amabwera ndi zida zake, ndipo zidazo zimagulidwa ndi ndalama, n'chiyani chingaletse wolemera kupambana nthawi zonse? Malamulo a kukula kwa mulu ndi chiwerengero cha makhadi ofanana ndi mbali yaikulu ya yankho la funsoli.

Momwe malire adayambira

Malamulo oyamba a 1993 ankangoti mulu usachepere makhadi 40. Padalibe lamulo loletsa kuika makhadi ambiri a dzina limodzi. Okonza masewerowa ankaganiza kuti munthu adzangogula makhadi ochepa, kotero kusowa kwa makhadi amphamvu kukadakhala malire pakokha. Zinthu sizidayende choncho. Anthu adagula makhadi m'mabokosimabokosi, ndipo ena adapanga milu yodzaza ndi makhadi amphamvu a mitundu itatu kapena inayi yokha, yomwe inkatha kugonjetsa mnzawo iye asadaponye khadi n'limodzi lomwe.

Mu 1994, bungwe loyang'anira mipikisano la kampaniyo, la Duelists' Convocation, lidakhazikitsa malamulo omwe akugwirabe ntchito mpaka lero pa masewero a anthu awiri. Mulu usachepere makhadi 60, ndipo khadi la dzina limodzi lisapitirire makope anayi, kupatula makhadi a malo wamba, omwe ndi Plains, Island, Swamp, Mountain ndi Forest. Wosewera amaloledwanso kusunga makhadi apambali osapitirira 15, omwe amasinthanitsa ndi a mu mulu pakati pa gemu ina ndi inzake. Pa mipikisano yomwe osewera amatsegula mapaketi atsopano pomwepo n'kupanga milu kuchokera pa zomwe apeza, malire a pansi ndi makhadi 40.

Masewero ena a mtunduwu omwe adabwera pambuyo adatengera nzeru yomweyi, ngakhale manambala ake amasiyana. Pa Pokémon, mulu umakhala wa makhadi 60 ndendende. Pa Yu-Gi-Oh!, mulu waukulu umakhala pakati pa makhadi 40 ndi 60, ndipo dzina limodzi silipitirira makope atatu. Pa Hearthstone, yomwe imaseweredwa pa foni ndi pa kompyuta, mulu wamba ndi wa makhadi 30.

Zomwe masamu akunena

Munthu wongoyamba kumene amaganiza kuti mulu waukulu ndiwo wamphamvu, poti muli zida zambiri. Masamu amatsutsa maganizowa. Wosewera wa Magic amayamba ndi makhadi 7 m'dzanja, kenaka amatola limodzi pa ulendo wake uliwonse. Chomwe amafuna ndi chakuti makhadi ake abwino koposa afike m'dzanja msanga. Mulu ukakula, makhadi abwinowo amamira pakati pa ena.

Ngati mu mulu wa makhadi 60 muli makope anayi a khadi lofunika, mwayi woti limodzi mwa iwo lipezeke m'makhadi 7 oyamba ndi pafupifupi maulendo 40 mwa maulendo 100 alionse. Mulu womwewo ukakula kufika pa makhadi 80, mwayiwo umatsika kufika pa maulendo 31. Ukachepa kufika pa makhadi 40, mwayi umakwera mpaka maulendo 55. N'chifukwa chake akatswiri pafupifupi onse amaima pa makhadi 60 enieni, ngakhale malamulo amawalola kupitirira. Khadi la nambala 61 ndi lomwe mwini wake adaliona kuti ndi lofooka kuposa ena 60 aja, ndipo ulendo uliwonse lomwe labwera m'dzanja, lalanda malo a khadi labwino.

Izi zikusonyeza kuti malire a pansi ndiwo amateteza chilungamo mwachindunji. Munthu wobwera ndi makhadi ochepa kuposa ovomerezeka amapeza zida zake zabwino kawirikawiri kuposa anzake. Kuperewera kwa makhadi ndi phindu kwa mwini mulu, ngakhale pamaso kumaoneka ngati kusowa.

Pa Commander masamuwa amapita patali. Mwa makhadi 100 aja, limodzi ndi mtsogoleri, lomwe limakhala poyera pambali kuyambira pachiyambi, ndipo 99 otsalawo ndiwo amasakanizidwa. Dzina lililonse limaloledwa kamodzi kokha, kupatula malo wamba. Choncho mwayi woti khadi lina lake lipezeke m'dzanja loyamba ndi maulendo 7 okha mwa 100. Pofika ulendo wa nambala 10, munthu yemwe sadagwiritse ntchito njira zina zotolera makhadi amakhala ataona makhadi 17 okha mwa 99. Zotsatira zake n'zakuti mulu womwewo umasewera mosiyana tsiku lililonse, ndipo kusiyanaku ndi komwe okonda Commander amakufuna.

Nanga malire a pamwamba ngachiyani?

Ngati mulu waukulu umafooketsa mwini wake, wina angafunse chifukwa chomuletsera kudzipweteka yekha. Pa Magic ya anthu awiri, ndithudi palibe nambala ya pamwamba. Malamulo a mipikisano amangoti wosewera azitha kusakaniza mulu wake ndi manja ake, popanda womuthandiza. Pali ngakhale khadi lotchedwa Battle of Wits, lomwe limapambanitsa mwini wake ngati pachiyambi cha ulendo wake mu mulu mwake mwatsala makhadi 200 kapena kuposerapo. Anthu akhala akubwera ku mipikisano ndi milu ya makhadi oposa 230 pofuna kupambana ndi khadili.

Koma mulu waukulu umapweteka ndi ena omwe. Osewera a Yu-Gi-Oh! amakumbukira nkhani ya mu 2007 ku Germany, pomwe munthu wina adafika pa mpikisano waukulu wa dzikolo ndi mulu wa makhadi 2,222, m'chibokosi chachitali chomwe chidafunika anthu awiri kuti achinyamule. Pa nthawiyo padalibe malire a pamwamba, ndipo m'masewerowo muli makhadi ambiri omwe amalamula kuti mulu usakanizidwe akagwiritsidwa ntchito. Ndi mulu wotere, nthawi ya gemu ikadathera pa kusakaniza. Sipadapite nthawi yaitali, malamulo a Yu-Gi-Oh! adaika malire a makhadi 60.

Wizards of the Coast nayo idakumana ndi vuto lofananalo. Khadi la Yorion, Sky Nomad, lomwe lidatuluka mu 2020, limapereka mphotho kwa wosewera yemwe mulu wake wapitirira malire a pansi ndi makhadi 20, kutanthauza makhadi 80 m'malo mwa 60. Mu October 2022 kampaniyo idaletsa khadili m'kaseweredwe kotchedwa Modern, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe idapereka chidali kuvuta kosakaniza mobwerezabwereza milu ya makhadi 80 ndi manja. Osewera ambiri amaveka khadi lililonse kathumba ka pulasitiki, ena timatumba tiwiri, kuti lisaonongeke, ndipo izi zimanenepetsa mulu kwambiri.

Momwe Commander idabadwira

Commander idayambitsidwa ndi osewera wamba, kampani isadalowererepo. Chiyambi chake chimalumikizidwa ndi Adam Staley ndi anzake ku Alaska, m'dziko la America, omwe ankaitcha Elder Dragon Highlander. Mawu akuti Elder Dragon amanena za zinjoka zisanu zomwe zidatuluka m'gulu la makhadi lotchedwa Legends mu 1994, zomwe poyamba ndizo zinkakhala atsogoleri a milu. Mawu akuti Highlander adachokera ku filimu ya mu 1986 ya dzina lomwelo, ndipo pakati pa osewera amatanthauza mulu womwe khadi lililonse limapezekamo kamodzi kokha.

Sheldon Menery, yemwe adali msilikali komanso woweruza wamkulu wa mipikisano ya Magic, adaphunzira kaseweredweka ali ku Alaska. Iye adakonza malamulo ake n'kukafalitsa pakati pa oweruza anzake, omwe ankasewera madzulo akaweruka ku mipikisano. Mu 2006 padakhazikitsidwa komiti yoima payokha yosunga malamulowo, ndipo mu 2011 Wizards of the Coast idayamba kugulitsa milu yokonzeratu pansi pa dzina la Commander.

Malamulo ake akuluakulu ndi ochepa. Wosewera aliyense amayamba ndi mapointi a moyo 40, m'malo mwa 20 a masewero a anthu awiri. Mtsogoleri amayenera kukhala khadi la gulu lapadera lotchedwa legendary, ndipo mitundu yomwe ili pa iye, mwa mitundu isanu ya Magic, yomwe ndi woyera, wabuluu, wakuda, wofiira ndi wobiriwira, ndiyo yokha yololedwa mu mulu wonse. Munthu yemwe wamenyedwa ndi mtsogoleri mmodzi mpaka mapointi 21 amatuluka m'gemu, ngakhale moyo wake utatsala wambiri. Nambala ya 21 idachokera ku zinjoka zija, poti chilichonse chidali ndi mphamvu 7, ndiye kumenya katatu kunkakwana. Pamwamba pa zonsezi pali lamulo la makhadi 100, lomwe ndi malire a pansi komanso a pamwamba nthawi imodzi.

Anthu akachuluka, malire amalemera

Patebulo la anthu anayi, mphindi iliyonse yomwe munthu mmodzi akuchedwa imadya nthawi ya anthu atatu. Gemu ya Commander kawirikawiri imadutsa ola limodzi, ndipo muli makhadi ambiri olola wosewera kufufuza khadi lomwe akufuna mu mulu wake, kenaka n'kusakaniza. Kufufuza ndi kusakaniza makhadi 99 ndi ntchito kale. Atakhala 150 kapena 200, anthu atatu angangokhala manja lende kwa nthawi yaitali, kudikira mnzawo.

Chachiwiri, mulu wa makhadi umagwiranso ntchito ngati wotchi. Pa Magic, munthu yemwe akuyenera kutola khadi koma mulu wake watha amaluza pomwepo. Pali milu yomwe njira yake yopambanira ndi yotayitsa makhadi a adani mpaka milu yawo itauma. Wokonza mulu wotere amawerengera kuti mdani aliyense ali ndi makhadi 99. Mmodzi akabwera ndi 120, ndiye kuti wadzionjezera moyo mwakachetechete, ngati timu ya mpira yomwe yachepetsa golo lake usiku anzawo akugona. Mbali inayo, pali makhadi ngati Thassa's Oracle ndi Laboratory Maniac omwe amapambanitsa mwini wake mulu wake ukatha. Kwa munthu wogwiritsa ntchito makhadi amenewa, mulu woperewera umafupikitsa njira ya ku chipambano. Choncho kupitirira ndi kuperewera komwe, zonse zingathe kukhala phindu losayenera, malingana ndi omwe akhala patebulopo.

Chachitatu, pa anthu anayi pamakhala ndale. Aliyense amayesa kuona yemwe ali woopsa kwambiri pa nthawiyo, amapanga mapangano a kanthawi ndi mnzake, ndipo amasankha woti amumenye. Kuyeza kumeneku kumadalira mfundo yakuti onse adamanga milu yawo pansi pa malamulo amodzi. Pomwe pa masewero a anthu awiri wolakwiridwa amakhala mmodzi, apa olakwiridwa amakhala atatu, ndipo zisankho zomwe adapanga pakati pawo zimasokonekera.

Richard Garfield yemweyo adaganizira za kuchuluka kwa osewera pokonza masewero ake achiwiri a makhadi, omwe adatuluka mu 1994 ndi dzina la Jyhad ndipo pambuyo pake adatchedwa Vampire: The Eternal Struggle. Masewerowa adakonzedwera anthu anayi kapena asanu kuyambira pachiyambi. Aliyense amasaka yemwe wakhala kumanzere kwake, pomwe iye akusakidwa ndi wa kumanja. Malamulo akale ankati mulu waukulu uyambire pa makhadi 40, ndipo ungaonjezeredwe ndi makhadi osapitirira 10 pa wosewera aliyense yemwe ali patebulo, kutanthauza kuti malire ankakula limodzi ndi chiwerengero cha anthu. Lero mulu umenewu umakhala pakati pa makhadi 60 ndi 90, ndipo mulu wachiwiri, wa zilombo zoyamwa magazi zomwe wosewera amazilamulira, usachepere makhadi 12. M'masewerowa mulibe malire a makope a dzina limodzi, kotero malire a makhadi 90 ndiwo amaumiriza wosewera kusamala zida zake kuti zimufikitse kumapeto kwa gemu yaitali.

Pomwe anthu amasokonezekera

Ambiri ophwanya lamulo la makhadi 100 sachitira dala. Kulakwa kofala kwambiri ndi kuiwala kuti mtsogoleri amawerengedwa nawo. Munthu amasankha makhadi 100, kenaka n'kuikapo mtsogoleri, n'kukhala ndi 101. Kuyambira mu 2016 pali atsogoleri ena okhala ndi mawu akuti partner, omwe amaloledwa kutsogolera awiriawiri. Zikatero, makhadi otsala amakhala 98, kuti onse pamodzi akwanebe 100.

Pali makhadi ochepa omwe amaloledwa kubwerezedwa chifukwa mawu olembedwa pa iwo amatero. Relentless Rats lingaikidwe mochuluka momwe munthu angafunire, Seven Dwarves mpaka makope 7, ndipo Nazgûl mpaka makope 9. Makhadiwa amadutsa lamulo la dzina limodzi kamodzi, koma sadutsa lamulo la 100. Woika makoswe 30 mu mulu wake amayenera kuchotsa makhadi ena 30.

Gulu lina losokoneza ndi la makhadi otchedwa companion, omwe adabwera mu 2020 ndi gulu la Ikoria. Khadi lotere limakhala kunja kwa mulu ndipo limaloledwa kulowa m'gemu ngati muluwo wakwaniritsa zomwe khadilo likufuna. Pa Commander limaloledwa, ndipo siliwerengedwa pa 100 aja. Koma Yorion, yemwe watchulidwa kale, sangagwire ntchito imeneyi pa Commander, poti amafuna makhadi 120 pomwe lamulo limaima pa 100. Mnzake Lutri, the Spellchaser adaletsedwa pa Commander mu 2020 asadafike n'komwe m'masitolo, chifukwa chomwe ankafuna, kuti dzina lililonse lipezeke kamodzi, mulu uliwonse wa Commander umakwaniritsa kale. Akadaloledwa, milu yonse yokhala ndi mitundu yofiira ndi yabuluu ikadalandira khadi la nambala 101 laulere, pomwe milu ina ikadatsala pa 100.

Kulakwa kwina kumachitika patebulo pomwepo. M'kati mwa gemu, makhadi amasintha manja, poti pali matsenga olanda zilombo za adani. Gemu ikatha, khadi la wina limatha kutsalira mu mulu wa mnzake, makamaka ngati timatumba ta pulasitiki tikufanana mtundu. Mmodzi amapita kunyumba ndi 101, mnzake ndi 99, ndipo onse sadziwa kanthu. Apa ndi pomwe chizolowezi chowerenga m'timilu 10 chimathandiza. Malamulo a mipikisano amalola kuyala makhadi m'timilu kamodzi pachiyambi cha gemu pofuna kuwerenga, ngakhale salandira kuyalako ngati kusakaniza kokwanira.

Zomwe zimachitika lamulo likaphwanyidwa

Pa mipikisano ikuluikulu, wosewera amapereka kwa oweruza mndandanda wa makhadi onse a mu mulu wake asadayambe kusewera, ndipo oweruza amasankha matebulo ena mwadzidzidzi n'kuyerekeza milu ndi mindandanda. Ngati mndandanda uli ndi makhadi osakwana, chilango chake nthawi zambiri ndi kuluza gemu imodzi. Ngati mulu wasiyana ndi mndandanda mwangozi, woweruza amakonza n'kupereka chenjezo, ndipo chilangocho chingakule malingana ndi momwe zinthu zilili. Zikadziwika kuti munthu wachitira dala pofuna kupezerapo mwayi, amachotsedwa mu mpikisano wonse.

Koma magemu ambiri a Commander amaseweredwa m'nyumba za anthu ndi m'masitolo, komwe kulibe mndandanda kapena woweruza. Palibe amene amawerenga makhadi a mnzake. Lamuloli limangodalira chilungamo cha mwini mulu. Munthu akazindikira pakati pa gemu kuti ali ndi khadi loonjezera, chomwe anzake amayembekezera n'chakuti anene poyera, kenaka onse agwirizane chochita, kaya kupitiriza kapena kuyambiranso.

Commander ilinso ndi mwambo wotchedwa Rule 0, womwe umalola gulu la osewera kusintha malamulo ngati onse avomereza gemu isadayambe. Munthu wofuna kuyesa mulu wa Battle of Wits, kapena wofuna kugwiritsa ntchito khadi loletsedwa, amapempha anzake kaye, ndipo iwo ali ndi ufulu wokana. Wanzeru amanyamulanso mulu wina wotsatira malamulo, kuti akakanidwa asaononge madzulo a anzake. Kusiyana kwa munthu wotere ndi wobera kuli pa nthawi yomwe anzake adziwira: asadayambe kusewera, kapena ataluza kale.

Kusankha ndiye masewerowo

Pa masamu okha, kusiyana kwa makhadi 100 ndi 101 n'kochepa zedi. Mwayi wopeza khadi lina lake m'dzanja loyamba umatsika pang'ono kwambiri moti palibe angauzindikire pa gemu imodzi. Komabe lamulo lomwe limalola 101 lilibe chifukwa chokanira 102, ndipo wolola 102 adzavutika kukana 110. Nambala yokhazikika imathetsa mkangano usadayambe.

Ndipo kuonjezera makhadi mosaganiza kumabwerera mwini wake. Milu yambiri ya Commander imakhala ndi makhadi a malo pakati pa 35 ndi 38. Ngati munthu ali ndi malo 37 pa makhadi 99, ndiye kuti malo ndi pafupifupi 37 pa 100 alionse. Akaonjezera makhadi 11 omwe amawakonda popanda kuonjezera malo, gawolo limatsika kufika pa 34 pa 100 alionse, ndipo kawirikawiri amapezeka ali ndi dzanja lodzaza zida zomwe alibe mana oziponyera. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Ichi n'chifukwa chake osewera odziwa amati ntchito yovuta pomanga mulu ndi kuchotsa. Munthu amayamba ndi makhadi 130 kapena 140 omwe onse akuoneka oyenera, ndipo amayenera kusiya 30 kapena 40. Khadi latsopano likatuluka m'sitolo, lakale lina liyenera kupereka malo. Aliyense mwa anthu anayi patebulo adadutsa m'chisankho chowawachi, ndipo wobwera ndi 101 ndiye yekhayo yemwe wakana kulipira mtengo womwe anzake adalipira.

Commander yadutsa m'zovuta zazikulu m'zaka zapitazi. Sheldon Menery adamwalira mu September 2023. Patatha chaka, pa 23 September 2024, komiti ya malamulo idaletsa makhadi anayi, omwe ndi Mana Crypt, Jeweled Lotus, Dockside Extortionist ndi Nadu, Winged Wisdom. Ena mwa makhadiwa adali okwera mtengo, ndipo mitengo yake idagwa msangamsanga. Mkwiyo udakula mpaka mamembala a komitiyo adalandira ziopsezo, ndipo pa 30 September adapereka udindo woyang'anira Commander m'manja mwa Wizards of the Coast. Mu February 2025 kampaniyo idayamba kuyesa dongosolo logawa milu m'magulu asanu potengera mphamvu zake, kuti anthu osadziwana azitha kupeza anzawo ofanana nawo msinkhu.

Oyang'anira adasintha, mndandanda wa makhadi oletsedwa umasinthasintha, ndipo mikangano ya zomwe zili zoyenera patebulo siitha. Nambala ya 100 yokha idatsala pomwe idali. Munthu wa ku Tokyo angathe kukhala pansi ndi wa ku Johannesburg, osamvana chilankhulo, osadziwa zomwe zili m'kabokosi ka mnzake, koma onse akudziwa kuti m'menemo muli makhadi 100, ndipo pa chidziwitso chimenechi gemu imayamba.